Bowo lakula, bowo lachepa: kuthana ndi vuto la reamer pa lathe ya CNC kuno ku chigwa

Pulogalamu simunaisinthe, reamer (chida cha mano chosalalitsa bowo n'kulifikitsa pa saizi yeniyeni) ndi yomwe ija, chitsulo mwadula pa mpiringidzo umodzi. Koma bushi yoyamba geji yoyezera bowo yalowa bwinobwino, yachisanu mbali ya NO-GO, yosayenera kulowa, yamira mpaka pakati, ndipo pofika masana ngakhale GO, yoyenera kulowa, ikukana. Amene wagwirapo lathe ya CNC akulidziwa vutoli. Kuno ku chigwa cha Shire limapweteka kwambiri chifukwa makinawa ndi owerengeka, ndipo nyengo yodula nzimbe ku Nchalo ikafika pachimake ntchito imaunjikana: mapini a ngolo za thirakitala, mabushi a mapampu othirira, mapule a zigayo, mwini wake ali chilili pakhomo. Reamer ikapsa, ina simuipeza pa Dyeratu kapena pa Ngabu. Ndi ulendo wokwera Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo saizi ikakhala yachilendo mudikira ichoke ku Johannesburg.

Bowo likavuta, ambiri amathamangira kutsitsa feed, liwiro limene reamer imalowera m'bowo. Mtima umati ndikalowa pang'onopang'ono m'kati musalala. Pa reamer apo ndi pamene pamayambira mavuto. Chuck izungulire mofatsa, reamer ilowe mwamphamvu, ndipo ipeze chitsulo chokwanira choti idye. Zitatuzi zikakhala bwino koma bowo likuvutabe, musalimbanenso ndi manambala, vuto lili kwina.

Mpata umene muli nawo ndi wochepa

Mabowo ambiri amene timapanga ndi a H7, mlingo wonena mpata umene bowo limaloledwa kukula. Bowo la pakati pa 10 ndi 18 mm limaloledwa kukula ndi 0.018 mm basi, la pakati pa 18 ndi 30 ndi 0.021, la pakati pa 30 ndi 50 ndi 0.025. Kuchepa saloleza n'komwe. Tsono dziwani kuti reamer yatsopano ya 20 H7 si ya 20.000. Opanga amaipanga pakati pa 20.009 ndi 20.017 kuti ikhale ndi poperepesekera isanathe ntchito. Malire a bowo ndi 20.021. Ndiye ngati mwagula yomwe ili kumtunda kwenikweni, mpata wotsala ndi 0.004 mm. Kanyenyeswa kamodzi komatirira pa dzino n'kokwanira kutaya bushi.

Sipidi ndi feed zoyambira

Ngati mulibe pepala la amene anapanga reamer yanu, yambirani apa: sipidi ikhale theka kapena magawo awiri mwa atatu a sipidi imene mungaboolere ndi drill ya saizi yomweyo, feed ikhale kawiri kapena katatu ya drill. Pa reamer ya HSS (high speed steel), chitsulo chofewa chimafuna mamita 10 mpaka 12 pa mphindi, chitsulo cha EN8 8 mpaka 10, EN19 ndi EN24 6 mpaka 8, cast iron 8 mpaka 12, bronze ndi brass 12 mpaka 20, aluminium 15 mpaka 25. Stainless ya 304 kapena 316, imene imapezeka kwambiri m'mapampu, tsikani mpaka 4 kapena 6. Carbide imapirira sipidi yokwera kuposa apa, koma siilola kupotoka kapena kugwedera, imangothetheka mano. Pa makina amene anagundidwapo turret, mutu wonyamula zida, ine ndingasankhe HSS.

Kuti mupeze maulendo a chuck pa mphindi, chulukitsani sipidi ndi 1000, mugawe ndi 3.14 kuchulukitsa ndi kukula kwa reamer. Reamer ya 20 mm pa mamita 10 ikupatsani pafupifupi 160. Ya 12 mm, 265. Ya 25 mm, 127. Mnyamata amene wazolowera kuona chuck ikuuluka pa 1500 akaona 160 amaganiza kuti mwalakwitsa potayipa. Muuzeni asakhudze batani.

Feed pa chitsulo: reamer ya 6 mm, 0.12 mpaka 0.15 mm pa kuzungulira kumodzi. Ya 10 kapena 12 mm, 0.2 mpaka 0.25, ya 20 mm, 0.3 mpaka 0.4, ya 30 mm, 0.4 mpaka 0.5. Manambalawa amaoneka oopsa kwa munthu wozolowera kumalizitsa ndi insert pa 0.08, koma kumbukirani kuti reamer ili ndi mano 6 kapena 8 ogawana ntchitoyo. Feed ya 0.3 pa mano 8 ndi 0.04 yosakwana pa dzino lililonse. Mukaitsitsa kufika 0.05, dzino lililonse likupeza 0.006, ndipo pamenepo silikudulanso, likungokhula. Zili ngati kukanda ndi khasu pamwamba pa dothi louma la mu Okutobala: khasu limangodumpha ndi kubuntha, mzere osaoneka. Kukhulako kumatenthetsa mano, kumaumitsa khoma la bowo makamaka pa stainless, ndipo reamer imatha isanagwire ntchito yake.

Pa makina a Fanuc ndi Haas ambiri, mizere yake ndi iyi:

G97 S160 M03
G99
G00 X0 Z3.0 M08
G01 Z-45.0 F0.3
G01 Z3.0 F0.6

Misampha iwiri ili pa mizere iwiri yoyambayo. Mukapanda kulemba G97, imene imakhazikitsa maulendo a chuck, n'kusiya G96 ya chida cham'mbuyo, imene imasintha maulendowo motsata diameter, ikugwirabe, makina akaona X0 amaona ngati akudula pa diameter ya ziro, choncho amathamangitsa chuck mpaka malire amene munaika pa G50. Ngati malirewo ndi 2000, reamer ya 20 mm ikudula pa mamita 126 pa mphindi, kuposa kakhumi ndi kawiri zimene imafuna. Ituluka yabuluu. Msampha wina ndi kusiya G98 m'malo mwa G99: F0.3 pamenepo ndi 0.3 mm pa mphindi yathunthu, reamer ingoima m'bowo n'kumakhula. Makina a Siemens ndi ena amagwiritsa G95 ndi G94 pa ntchito yomweyi, choncho onani buku la makina anu. Potuluka, chuck izungulirebe mbali yomweyo. Kubweza ndi M04 reamer ili m'kati kumathyola mano chifukwa nyenyeswa zimapanikizika kuseri kwa dzino.

Muisiyire chodya

Pa bowo la 8 boolani 7.8, la 10 boolani 9.8, la 12 boolani 11.8. La 20 lisiyeni pa 19.7, la 30 pa 29.6. Koma musakhulupirire nambala yolembedwa pa drill. Ma drill athu ambiri timanola pamanja pa grinder, ndipo mlomo umodzi ukatalika pang'ono kuposa unzake, 11.8 imaboola 11.95. Reamer ipeza 0.05 yokha, ikhula, ndipo m'bowo muona mizere ya drill imene sinafufutike. Yezani bowo musanalowetse reamer. Ndi sitepe imene anthu amaidumpha chifukwa cha changu, komatu ndi imene imaulula zambiri.

Reamer siwongola bowo. Imatsata njira imene yapeza. Drill ikapita chambali, reamer ipitanso chambali, ingosalalitsa. Pamene bowo likulola, boolani mocheperapo, mwachitsanzo 19, kenaka mudutsemo ndi boring bar kufika 19.7, mupange chamfer (kudula m'mphepete mopendeketsa) ya madigiri 45 pakamwa, reamer ibwere pomaliza. Boring bar ndi imene imaika bowo pakati penipeni pa spindle.

Bowo likakula, kapena kukamwa kukakhala kotakasuka

Apa tikhalitsepo, chifukwa pa lathe vutoli ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo gwero lake nthawi zambiri si sipidi. Pa milling reamer imazungulira ndi spindle imene yaboola. Pa lathe reamer yaima pa turret, chozungulira ndi chitsulo, ndipo palibe chotsimikizira kuti pakati pa reamer ndi pakati pa spindle zili pa mzere umodzi. Reamer ikasemphana ndi pakati ndi 0.01 mm yokha, imadula ngati boring bar ndipo bowo likhoza kukula ndi 0.02, H7 yonse yatha. Ikamalowa m'kati imapindika pang'ono n'kutsata bowo, n'chifukwa chake NO-GO imalowa pakamwa n'kukaima pakati. Mukaona chizindikiro chimenechi, tengani dial indicator musanasinthe nambala ina iliyonse.

Mangani indicator pa chuck, nsonga yake igunde pa shank ya reamer pafupi ndi holder, muzungulitse chuck ndi dzanja. Kenaka bwerezani pafupi ndi mano. Kusiyana kwa singano kusafike 0.02, ndipo mukafika pa 0.01 ndi bwino koposa. Mkono wa indicator ukhale waufupi ndi wolimba, apo ayi umalendewera ndi kulemera kwake ukamazungulira n'kukunamizani. Kusemphana kwa mbali ya X mungakonze pa offset. Popeza X imawerengedwa pa diameter, nambala imene singano yasuntha kuchoka mbali ina kufika mbali inayo ndi yomwe mulowetse. Kusemphana kwa mbali ya Y, kumene makina opanda Y sangakufikire, ndiye nkhani ina: kumatanthauza kuti turret inasuntha, kawirikawiri pa kugunda kumene wina sananene. Mukapeza zotere, funsani modekha, chifukwa wogunda saulula akaona mkwiyo. Kukonza kwake n'kumasula turret ndi kuibwezera pamalo, ntchito ya munthu amene akuidziwa. Pakadali pano floating holder ikhoza kukupulumutsani, chifukwa imalola reamer kudzipezera yokha pakati, bola pakamwa pakhale chamfer. Singano ikamawerenga bwino pa shank koma moipa kunsonga, reamer yapindika kapena holder yapendekeka.

Drill chuck si chogwirira reamer. Collet yoyera, yopukutidwa fumbi, ndiyo yoyenera. Fumbi la m'chilimwe kuno limalowa paliponse, ndipo kamchenga kamodzi pansi pa holder kamapendeketsa chida chonse.

Mzere ukakhala bwino koma bowo n'lalikulu kuyambira pakamwa mpaka kumapeto, yang'anani mano padzuwa. Mukaona tizitsulo tomatirira pansonga, sipidi yakwera kapena coolant sikufika. Zimachitika kwambiri pa chitsulo chofewa ndi aluminium. Chotsani timeneti mosamala, tsitsani sipidi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, feed muisiye momwemo. Chodya chikachuluka, monga kusiya 0.8 pa bowo la 20, nyenyeswa zimadzaza m'mipata ya mano n'kukulitsa bowo komanso kulikala.

Bowo likachepa

Choyamba ndi chodya chochepa kapena feed yochepa, monga tanenera. Chitsulo chimangokankhika n'kubwerera reamer ikadutsa. Chachiwiri ndi kutha kwa reamer. Iyezeni ndi micrometer kuseri kwenikweni kwa chamfer ya kunsonga kwake, chifukwa kumbuyo imapita ikuchepa mwadala. Ikatsika kufika 20.000 yapuma pa ntchito ya H7. Yobuntha chabe ikhoza kunoledwa pa chamfer pokha, m'mbali osakhudza.

Chachitatu n'chimene chimazunguza mutu: micrometer ya m'kati ikunena kuti bowo lili bwino, koma GO ikukana. Ngati bushi ndi ya khoma lopyapyala, nsagwada zitatu za chuck zinaifinya, reamer inadula bowo lozungulira bwino, ndipo mutamasula chitsulo chabwerera n'kusiya bowo la makona atatu. Tsitsani presha ya chuck, ndipo gwiritsani soft jaws zoboledwa pa saizi ya bushiyo kuti zigwire mozungulira.

Kutentha kwa kuno

Miyezo yonse ya pa drawing imawerengedwa pa madigiri 20. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40, ndipo m'shopu ya malata ndiye musanene. Chitsulo chimakula pafupifupi 0.0115 mm pa mita imodzi pa digiri iliyonse, aluminium kawiri kake. Bowo la 25 mm m'chitsulo chotentha ndi madigiri 20 kuposa geji limaoneka lalikulu ndi 0.006 mm. Muyeza chitangotsika pa makina, GO ilowa, mupakira. Chikazizira, pini ikukana, kasitomala ali kale ku Bangula. Mankhwala ake ndi osavuta: chitsulo ndi geji zikhale pamodzi pa benchi, pamthunzi, mpaka zifanane kutentha, kenaka muyeze. Zonse zikakhala zachitsulo ndipo zatentha mofanana, zimakula limodzi, palibe vuto. Aluminium ndiye ayi: ngakhale zitafanana kutentha pa madigiri 40, bowo la 25 mm limaoneka lalikulu ndi 0.006 kuposa mmene lilili pa 20. Pa bronze kusiyanaku ndi pafupifupi theka lake. Pa ntchito zoterezi lozani kumtunda kwa malire, kapena yezani m'mamawa.

Makinawo nawonso amakula. Headstock ikatentha pakati pa spindle pamasuntha pang'ono, n'chifukwa chake mabowo a m'mawa amasiyana ndi a masana. Yendetsani spindle kwa mphindi 15 kapena 20 musanayeze mzere wa reamer, ndipo ngati dzuwa la madzulo limalowa pakhomo n'kuwomba mbali imodzi ya makina, tchingani.

Kulira ndi mizere m'bowo

Reamer ikamalira ndipo m'bowo muli mizere yoyenda m'litali, ikugwedera. Tsitsani sipidi, kwezani feed. Zonse ziwiri, osati kutsitsa zonse ziwiri. Fupikitsani mbali yotuluka mu holder, onani ngati chamfer ilipo. Bowo lodutsana ndi bowo lina limafuna reamer ya mano opotana, ya mano owongoka imakodwa pampatapo. Keyway ya pule muidule reamer itadutsa kale. Mzere umodzi wopotana ngati sipuling'i ndi wa potuluka: pali dzino lothetheka kapena reamer siili pakati. Ma reamer osungidwa m'dirowa limodzi ndi ma spanala amathetheka asanagwire n'komwe ntchito. Iliyonse ibwerere m'kapulasitiki kake.

Pa coolant, vuto lathu ndi madzi. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo a mu Shire amabwera ndi matope. Madzi amchere amalekanitsa mafuta ndi madzi, amachititsa dzimbiri, ndipo coolant imasiya kuterera. Kutentha kumaumitsa madzi m'thanki koma mchere umatsala, ndiye mukamangowonjezera a pamjigo mcherewo ukuchulukirachulukira. Madzi a mvula otungidwa m'mgolo woyera ndi abwino, ngakhale amachita thovu akakhala okhaokha. Pa reamer coolant ikhale ya 8 mpaka 10 pa 100 aliwonse, yoyezedwa ndi refractometer, kachida koyezera mphamvu ya coolant, osati ndi maso. Posakaniza thirani mafuta m'madzi, osati madzi m'mafuta. Powonjezera gwiritsani msakanizo wochepa mphamvu, wa 2 kapena 3. Thanki ikamanunkha ngati mazira ovunda Lolemba m'mawa, tizilombo taswana, itayeni ndi kutsuka. Kusintha mtundu wa coolant, kapena kuchoka pa coolant kupita pa mafuta odulira, kumasintha kukula kwa bowo ndi ma micron angapo, choncho musasinthe pakati pa ntchito. Paipi iloze m'mipata ya mano kuti madzi alowe m'bowo, osati kungonyowetsa kunja. Cast iron ambiri amaidula youma, n'kumauzira mpweya.

Bowo losatulukira, ndi magetsi akazima

Pa bowo lotulukira, reamer ya mano opotana chakumanzere imakankhira nyenyeswa kutsogolo n'kukagwera kunja. Yomweyo mukailowetsa m'bowo losatulukira imaunjika nyenyeswa pansi mpaka kupanikizika ndi kuthyoka. Pamenepo pafunika yopotana chakumanja, yokokera nyenyeswa kumbuyo, kapena ya mano owongoka ngati bowo n'lalifupi. Boolani mozama ndi 2 kapena 3 mm kuposa pofika reamer, ndipo tsukani nyenyeswa za drill kaye. Reamer ya pamanja, ija ya mutu wa makona anayi, ili ndi nsonga yaitali yosongoka, siifikitsa saizi pansi pa bowo ndipo si ya pa makina.

Magetsi akazima reamer ili m'kati, akabwera musathamangire kutumiza makina ku home. Chizolowezi pa lathe n'kuyamba ndi X, ndipo X ikasuntha reamer ili m'bowo mwaithyola pomwepo, mwinanso kusuntha turret. Lowani pa handle, wina azungulitse chuck ndi dzanja mbali ya M03, inu mukubweza Z pang'onopang'ono mpaka ituluke. Bushi imeneyo iyezeni payokha, kawirikawiri imakhala ndi kamphete pamene reamer inaima.

Poyesa kukonza chilichonse mwa izi, gwiritsani chidutswa cha chitsulo chomwecho ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha sipidi, feed ndi coolant nthawi imodzi bowo n'kukhala bwino, mawa likavutanso simudziwa poyambira. Kope la pa makina lolembamo chitsulo, saizi, S, F ndi kukula kwa bowo limathandiza kuposa tebulo lililonse la pa intaneti, chifukwa ndi la makina anu.

Si bowo lililonse lofuna reamer. Ntchito zambiri zobwera kuno ndi zokonza: pini yoperepeseka ya 24.6, malo a bearing otakasuka, chinthu chimodzi chokha. Ngati bowo ndi la 16 mm kapena kuposa ndipo kuya kwake sikupitirira katatu kukula kwake, boring bar yabwino ifika H7 mosavuta, ndipo saizi mumailamulira nokha pa offset. Reamer isungireni mabowo aang'ono, ozama, kapena ambirimbiri ofanana. Pa mabushi a bronze olowetsa ndi press, kumbukirani kuti bowo limachepa bushi ikapanikizika m'nyumba mwake. Siyani chodya, ilowetseni kaye, reamer idutse pambuyo.